Mkamwini wa Nsomba za M'galasi

Nsomba zija ndinadana nazo kuyambira tsiku lomwe zinafika, ndipo mpaka lero ndikaona nsomba ili m'galasi mtima wanga umachita nseru. Zinali zinayi, zofiira, zamimba zotupa, maso ali tong'o. Sizinali zodya ayi. Ntchito yake inali kuyasamula ndi kuipitsa madzi, basi. Mwini wake anali amalume a mkazi wanga, ndipo ine ndinali mkamwini pamudzi pawo, kumapiri a Dowa, komwe ukaima pachitunda umaona mapiri a Ntchisi.

Amalumewo anakhala zaka zambiri ku Lilongwe akuphikira azungu. Chaka chotsatira chija tinavotera matipati, azungu awo anabwerera kwawo, ndipo anawauza kuti asankhe chimodzi m'nyumbamo. Anthu anzeru amasankha njinga, wailesi, kapena makina osokera. Iwo anasankha bokosi lagalasi. Anafika pamudzi atakwera lole yobwerera kokasiya fodya, galasi atalikulunga m'mabulangete awiri, nsomba zili mundowa pamiyendo pawo. Mudzi wonse unakhamukira kukaona, ana mpaka kupondana pazenera. Ine ndinangosuzumira kamodzi n'kubwerera kukamata chubu cha njinga, poti ntchito yanga inali yokonza njinga.

Kutauni kuja galasilo linali ndi kamakina kamagetsi kopatsa nsomba mpweya. Kwathu magetsi tinkangowamva pawailesi. Ndiye amalume anati popeza kamakina kafa, madzi azisinthidwa pakangodutsa tsiku limodzi. Madzi a pamjigo anawakana, ati akununkha dzimbiri. Ankafuna a pakasupe, pamwamba pa phiri kuseri kwa mudzi. Ndowa za amayi anazikananso, ati zimakhala ndi sopo, ndipo sopo amapha nsomba. Anagula ndowa ziwiri zatsopano, n'kundiitanitsa.

"Akamwini," anatero mwaulemu wonse, "mundithandizeko sabata ino yokha. Msana wangawu sukundilola."

Sabata imeneyo inatha zaka zitatu.

Abale, musamve ngati nthabwala. Njira ya kukasupe njinga siingakwere. Ndinkapachika ndowa ziwirizo pamtengo, mtengo paphewa, n'kuyamba chikweza, ine bambo wa ana awiri, ndevu zili pachibwano. Azimayi ndikakumana nawo ankapatuka mwaulemu, koma ndikangodutsa kumbuyo kunkamveka chikhakhali. Wina wosaopa ankachita kufuula kuti, "Akamwini, mwaiwala nkhata!" Ndinkangokukuta mano. Ndikafika nawo madziwo, ntchito yonyansa inali isanayambe. Madzi akale ankatuluka ndi kapaipi, ndipo kuti ayambe kuyenda munthu umayenera kuyamwa kapaipiko ndi pakamwa. Ukachedwa kuchotsa mlomo, ndowe za nsomba zonse m'kamwa. Asa! Ine kulavula, amalume ali pampando wandalema, manja apinda, akulangiza.

"Pang'onopang'ono, akamwini. Mukuzidzidzimutsa."

Kuzidzidzimutsa! Ine amene ndameza zonyansa palibe wondifunsa. Nthawi imeneyo wailesi inkangoti ufulu, ufulu. Makhadi a chipani anali atatha, munthu unkalowa mumsika popanda wokuimitsa, aliyense ankayankhula zakukhosi pabwalo. Ine ufulu umenewo unkandipeza ndili ndi mtengo paphewa.

Chomwe ndinkafuna chinali chimodzi: chitengwa. Ndinkafuna kutenga mkazi wanga ndi ana kupita nawo kwathu, kufupi ndi Madisi. Bambo anga anali atamwalira n'kusiya munda, mayi anga anali okha, ndipo kumeneko kuli msewu, njinga zimadutsa tsiku lonse. Kumapiri kuja njinga zinali zowerengeka, ndipo eni ake ankazikonda kuposa kuzikwera. Koma mkazi satengedwa ngati thumba la chimanga. Mwini mbumba ayenera kuvomera, ndipo mwini mbumba anali yemwe uja wa nsomba.

Ndinatuma achimwene anga aakulu, omwe anali ankhoswe anga. Anabwera ndi nkhuku, anakhala pamphasa, anayala nkhani bwinobwino monga mwa mwambo. Amalume anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu. Kenaka anati:

"Mawu ndamva, ndipo ndi abwino. Koma akamwiniwa akapita, nsomba zanga azizisinthira madzi ndani?"

Achimwene anayang'ana ine, anayang'ana galasi, anaganiza kuti mwina ndi nthabwala za akuluakulu, n'kuseka pang'ono. Amalume sanaseke. Nkhuku inabwerera. Chaka chotsatira, titakolola, achimwene anabweranso ndi nkhuku ina, ndipo yankho linali lomwelo, mawu ake omwewo, osasintha ndi limodzi lomwe. Kwathu dzina langa linasanduka mkamwini wa nsomba. Ndikapita kumaliro, azibale anga ankandipatsa moni n'kufunsa kuti, "Nanga ana ali bwanji? Nanga zofiira zija zadzuka?"

Powaperekeza ulendo wachiwiriwo, achimwene anaima panjira n'kundiyang'ana.

"Iwe, kodi sopo anatha m'sitolo? Kachidutswa kamodzi m'madzimo, nkhani yatha."

Ndisaname, ndinali nditaganizapo kale, osati kamodzi. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Nsomba zikanafa, mudzi wonse ukanadziwa wozipha, ndipo chitengwa chikanafera pomwepo.

M'nyumba ndinkakalipa pamaso pa mkazi wanga. Ndinkatukwana nsomba, ndinkatukwana galasi, ndinkatukwana azungu amene anasiya tsokali, ndipo amalume ndinkawatchula mayina oti sindingawalembe pano. Iye ankangoti, "Apirireni, abambo, ndi akulu." Ndinkamumvera chisoni. Ndinkati mwana wa eni akuopa malume ake, ndipo ndinkalumbira mumtima kuti tsiku lina ndidzamuchotsa m'manja mwa nkhalamba imeneyi.

Nzeru inandipeza kuchipatala. Mwana wathu wamng'ono anadwala malungo, ndipo pakachipatala kena anamuika dilipi. Ndinakhala pambali pa bedi masana onse ndikuyang'ana madzi aja akudontha, tho, tho, tho, popanda munthu wowathira. Namwino akabwera ankangopukusa kagudumu kakang'ono pakapaipi, madontho n'kufulumira kapena kuchedwa. Mwana atayamba kupeza bwino, mutu wanga unasiya malungo n'kupita kugalasi. Ndinadzifunsa kuti ngati madzi angalowe okha m'thupi la mwana, angalephere bwanji kulowa okha kwa nsomba zopusa zija? Potuluka ndinapempha kapaipi kotero, ndipo anandipatsa kamodzi kosagwiritsidwapo ntchito, komwe nthawi yake inali itadutsa.

Sindinauze aliyense cholinga changa. Chilimwe chitafika ndinatsikira kukhwawa kukadula nsungwi. Nsungwi ili ndi mfundo m'kati, ndiye ndinkawotcha chitsulo chachitali pamoto n'kubowola mfundozo imodziimodzi mpaka kuwala kuoneka mbali inayo. Polumikiza ndinkalowetsa yaing'ono m'kamwa mwa yaikulu, n'kumanga ndi mphira zodula ku machubu akale a njinga. Machubu okhawo ndinali nawo ambiri. Ndinazika mphanda kuchokera pakasupe kutsika phiri lonse, nsungwi zikugona pamwamba pake, mpaka kuseri kwa nyumba ya amalume. Pamenepo ndinaika mgolo pachiunda cha njerwa. Mgolowo sindinatenge wa kunazale ya fodya, poopa mankhwala. Ndinapeza womwe munali mafuta ophikira, n'kuukwecha ndi mchenga ndi phulusa masiku atatu, sopo osayandikira.

Inali ntchito ya miyezi iwiri, ndipo mudzi unapeza choseka chatsopano. Ati akamwini akulambulira nsomba msewu. Mbuzi zinkagwetsa mphanda. Dzuwa linkang'amba nsungwi, ine n'kudula zina. Polumikiza pena pankatayikira madzi mpaka pansi kuchita matope, ine n'kumasula, n'kumanganso. Zala zinatupa. Amalume ankabwera ndi ndodo yawo, n'kuima, n'kuyang'ana.

"Kodi zimenezi n'zachiyani, akamwini?"

"Mudzaona, amalume."

Tsiku lomwe madzi anafika mumgolo ndinavina ndekha kuseri kwa nyumba. Kuchokera mumgolo, kapaipi ka dilipi kanalowera pazenera n'kumadonthezera m'galasi. Koma kulowetsa madzi n'kosavuta, vuto ndi kuwatulutsa, poti galasi sungalibowole. Ulendo woyamba madzi anasefukira, pansi pozira bwino paja n'kusanduka dambo, ndipo amalume anayenda m'matopemo akunena kuti, "Ndinanena ine." Sananenepo kanthu, bodza lenileni. Ndinagona masiku awiri mutu ukuwawa, mpaka nzeru ndinaipeza. Ndinatenga kapaipi koyamwa kaja, mbali imodzi n'kuifikitsa pansi pa galasi pomwe pamakhala zonyansa, mbali inayo n'kuilowetsa m'botolo lomwe ndinalimangirira kunja kwa zenera. Botololo ndinalibowola m'mbali, pamlingo womwe ndinkafuna kuti madzi a m'galasi azilekezera. Ndinayamwa kamodzi kokha, komaliza. Kuyambira pamenepo dontho likalowa m'galasi, dontho lina linkatuluka pabowo la botolo n'kugwera panja.

Ha! Zinayenda. Sabata inatha, ndowa zili phee. Madzi a m'galasi anayera kuposa kale lonse, nsomba zikungoyendayenda monyada ngati zachita zokha. Madzi osefukira mumgolo ndinawakumbira kangalande kupita kukadimba ka mkazi wanga kuseri kwa nyumba, mpiru n'kubiriwira pakati pa chilimwe. Azimayi aja ankandiseka anayamba kubwera ndi ndowa zawo pamgolo, ati, "Zikomotu akamwini, mwatipulumutsa ku chikweza." Ndinkawayankha ndi mphuno.

Amalume sanayamikire. Ankakhala pampando wawo kuyang'ana madontho aja, nkhope itagwa ngati munthu amene walandira uthenga wa maliro. Ine mtima unkachita kuvina. Ndinkati ndakugwira, nkhalamba iwe, tione pomwe uthawire.

Ndinatumiza uthenga kwathu, ndipo achimwene anabwera ndi nkhuku yachitatu. Ndinawaonetsa zonse, kuyambira pakasupe mpaka pabotolo. Atakhala pamphasa sanazungulire.

"Amalume, nsomba zanu tsopano zikudzisinthira zokha madzi. Tabwera kudzatenga mbumba ija tinapempha."

Amalume anapukusa chipewa m'manja. Kenaka anati, "Mubwere Loweruka likudzali. Ndidzayankha." Nkhuku ulendo uno sanaibweze, anati imangidwe pakhonde. Achimwene anapita akuimba mluzu.

Lachinayi masana ndinapeza mkazi wanga kukadimba kaja akupatulira mpiru. Ndinayamba kumuuza za nyumba yomwe tikamange kwathu, mbali yomwe khomo lidzayang'ane. Sanadzutse mutu.

"Abambo, takhalani pansi."

Ndinakhala pamzere.

"Amalume sanakane okha. Ndinakawagwadira ndine, achimwene anu asanabwere ulendo woyamba uja. Ndinawapempha kuti akane."

Poyamba sindinamve. Mawu ndinawamva, koma mutu unakana kuwalandira. Iye anapitiriza, maso ali pampiru.

"Achemwali anga munawaona mmene anabwerera kuchitengwa. Amuna awo atangoikidwa m'manda, abale a mwamuna anazula malata, anatenga ngolo, anatenga ngakhale mtondo. Anafika pano ndi bulangete limodzi ndi ana atatu. Kuno munda ndi wanga, ndi wa ana angawa. Kwanu ndikakhala mlendo mpaka kufa. Inu mukadzatsogola, ine ndidzakhala yani kumeneko?"

"Abale anga si otero!"

"Alamu anga aja ankateronso."

"Nanga osandiuza bwanji? Zaka zitatu! Zaka zitatu ine ndikumwa ndowe za nsomba, iwe ukundiyang'ana!"

Apo ndiye anadzutsa mutu, misozi ili m'maso.

"Ndikanakuuzani, inu mukanawauza achimwene anu. Ndiye achimwene anu akanati chiyani?"

Yankho ndinkalidziwa. Akanati mkazi wokana kwanu si mkazi, musiye, akazi kwathu ndi ambiri. Akanandinyamula tsiku lomwelo, ndipo ana akanatsala, poti ana ndi a mbumba. Mkazi wanga anandiuza zomwe amalume anamuyankha tsiku lomwe anawagwadira. Ati, "Mwana wanga, ukakana iwe, banja latha. Ndikakana ine, angonditukwana basi. Zisiye kwa ine." Ndipo atasowa chifukwa chomveka, anayang'ana m'nyumba mwawo n'kuona galasi.

Ndinakwiya, abale. Ndinakwiya kuposa tsiku lililonse la moyo wanga. Ndinakwiyira mkazi wanga pondipusitsa, ndinakwiyira amalume pondiyang'ana ndikudula nsungwi miyezi iwiri osanena kanthu, ndinadzikwiyira ndekha pomvera chisoni munthu amene ankandimanga. Ndinaimirira n'kuponda mpiru uja dala. Chakudya chamadzulo sindinachikhudze, ndipo m'mawa mwake phala ndinalisiya pomwe analiika.

Lachisanu lonse ndinakhala pansi pa mtengo pomwe ndinkakonzera njinga, sipanala ili m'manja, osagwira kanthu. Ndinkaganiza za Loweruka. Chifukwa chija ndinali nditachipha ndekha ndi manja anga, ndipo amalume analibenso pobisala. Akavomera, mkazi wanga akana pamaso pa achimwene. Akanena zoona, n'chimodzimodzi. Njira zonse ziwiri zinkathera pamodzi: ine pamsewu wa ku Madisi ndi bokosi la zitsulo, ana anga akundiyang'ana pakhomo. Ndinayesa kudziuza kuti zikhale choncho, mwamuna sapusitsidwa kawiri. Kenaka mwana wamng'ono uja wa malungo anabwera n'kukhala pamwendo panga, akuseweretsa belu la njinga, ndipo ndinadziwa kuti sindingathe.

Dzuwa litapendeka ndinatenga chikwanje n'kukwera phiri. Ndinayambira pakhwawa, pomwe nsungwi zinkawoloka pamphanda zazitali, pomwe ndinavutikira kwambiri. Ndinadula mphira, ndinagwetsa mphanda, ndipo nsungwi iliyonse ndinaing'amba pakati kuti wina asadzati tiyeni tilumikizenso. Ndinkatema ndikutukwana. Sindikudziwa kuti ndinkatukwana yani, mwina onse. Madzi anakhuthukira m'khwawa n'kumapita kwawo.

Potsika ndinapeza amalume ali pakhonde, nkhuku ija ili pambali pawo ndi chingwe kumwendo.

"Madzi aleka kudontha, akamwini."

"Aleka."

"Chachitika n'chiyani?"

"Ng'ombe zagwetsa."

Anayang'ana chikwanje chili m'manja mwanga, anayang'ana buluku langa lonyowa mpaka m'mawondo. M'phiri lija ng'ombe sizinkafikako, ndipo tonse tinkadziwa.

"Zikonzeka?"

"Sizikonzeka."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndowa zanu ndinasunga. Zili kuseri kwa chitseko."

Ndinafuna kuwagenda nazo. Ndinangozitenga.

Loweruka m'mawa achimwene anakumana nane ndikutsika phiri, mtengo uli paphewa, madzi akukhavukira m'miyendo. Azimayi anali ataima pamgolo wouma ndi ndowa zawo, akung'ung'udza kuti zinthu za akamwini sizikhalitsa. Achimwene sanandipatse ndi moni womwe. Anatsogola mpaka pakhonde, anakana mphasa, n'kufunsa ali chiimire. Amalume anayankha maso ali pansi.

"Mwaona nokha, zija zawonongeka. Nanga akapita, nsomba zanga azizisinthira madzi ndani?"

Zomwe achimwene ananena tsiku limenelo munthu sanena kwa wamkulu. Anawatcha mfiti, anawatcha kapolo wa azungu amene wabwera kudzagwira ena ukapolo, anati adzafa okha ndipo nsomba zawozo ndizo zidzawakumbire manda. Anthu anatuluka m'nyumba kudzamvera. Amalume anangogwira chipewa chawo, mutu osadzutsa. Mkazi wanga anali m'khitchini, chitseko chotseka. Ine ndinaima pakati pa bwalo ndi ndowa zanga, ndipo ndinawasiya achimwene atukwane mpaka mawu anawathera.

Anamasula nkhuku yawo, anaipana m'khwapa, n'kutembenukira kwa ine.

"Iwe ndiwe chitsiru. Udzafera pano."

Atapita ndinalowa m'nyumba ya amalume, ndinagwada pagalasi, ndinaika kapaipi pakamwa n'kuyamwa. Ndinachedwa kuchotsa mlomo monga mwa masiku onse. Amalume anali pampando wawo, koma tsiku limenelo sananene kuti pang'onopang'ono. Nditatuluka kukalavula ndinapeza mkazi wanga ataima pakhomo ndi kapu ya madzi oyera. Sindinamuyang'ane kumaso. Kapuyo ndinalandira.

Amalume sindinawathokoze mpaka anamwalira, ndipo sindinganame kuti ndinawakonda. Nsomba zija zinafa imodziimodzi ndi ukalamba, koma pofika nthawi imeneyo kwathu anali atatopa, palibenso amene anabwera ndi nkhuku. Munda wa bambo anagawana ena. Mayi anga ndinkawayendera panjinga, ndipo ulendo uliwonse ankandifunsa kuti nkhalamba ija idakaumirirabe, ine n'kuti eya, idakaumirira. Achimwene anamwalira akudziwa kuti mng'ono wawo anataya kwawo chifukwa cha nsomba zinayi, ndipo ine sindinawatsutse.